LAMYA ZOPINDA NDI WOGULA WA KU CHAKARI

Kumpoto kwa Kadoma, kumadzulo kwa Chegutu, m'dziko la Zimbabwe, kuli kamzinda ka Chakari, kamene kanakula cifukwa ca mgodi wa golide wa Dalny. Kale anthu ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anadza kudzagwira nchito pamenepo, ndipo zidzukulu zao zikali komweko. Masiku a makolo ao kalata ya kumudzi inkakhala masabata panjira. Lero mau afika m'kamphindi pa lamya ya m'manja, ndarama nazonso zitsata njira yomweyo, pakuti EcoCash inayamba m'Zimbabwe m'caka ca 2011. Cifukwa cace kugula lamya ndi nkhani yaikuru pabanja, yofunika kuiganizira bwino.

Tsopano kwabwera mtundu watsopano wa lamya, umene galasi lace lipindika. Zina zitsekuka monga buku, kotero kuti galasi likhala lalikuru kawiri. Zina zipindika pakati monga cikwama ca ndarama, nizicepa m'thumba. Cinsinsi cace n'cakuti galasili, lochedwa OLED, liwala lokha, losafuna nyali kumbuyo kwace. Motero atha kuliyala pa pulasitiki wopyapyala amene apindika osasweka. Pakati pali mahinjesi ang'onoang'ono, ofanana nchito ndi a pa citseko.

Makampani akhala ali kulimbana kolimba pa malonda amenewa. Yoyamba kugulitsa inali Royole ya ku China, mu 2018, koma kuyamba sikunaipulumutse. Inagwa mu 2024. Samsung ya ku South Korea inaonetsa Galaxy Fold mu 2019, pa mtengo wa madola 1,980. Lamya zimene inapatsa olemba nyuzi kuti aziyese zinaonongeka m'masiku owerengeka, ndipo kampaniyo inaimitsa malonda mu April kufikira September kuti ikonze zolakwazo. Huawei ya ku China inaturutsa Mate X caka comweco, Motorola inabweretsa Razr yopinda mu 2020, Google inalowa mu 2023. Mu September 2024 Huawei inaonetsa Mate XT, yopindika pawiri, ya zigawo zitatu.

Kodi alimbanira ciani? Coyamba, kupyapyala ndi kupepuka: Galaxy Z Fold7 ya mu 2025 iri ndi mamilimita 8.9 itapindidwa, ndipo ilemera magalamu 215. Caciwiri, kucepetsa khwinya limene lioneka pakati pa galasi. Cacitatu, kulimba kwa mahinjesi. Samsung inanena kuti lamya zace zoyamba zinayesedwa kupinda ka 200,000. Munthu wotsekula ka 100 pa tsiku angathe nayo zaka zisanu ndi theka. Koma makina oyesa apinda m'nyumba yosesa bwino, mopanda pfumbi ndi thukuta.

Ngakhale mpikisano wakula motere, mwa lamya zamakono 100 zogulidwa pa dziko lonse mu 2024, zopinda sizinakwane ziwiri. Wofuna kudziwa cifukwa cace aganize za mnyamata wa ku Chakari amene wakumba mwezi wathunthu, nagulitsa golide wace, nakwera basi kupita ku Kadoma ndi ndarama m'thumba. M'sitolo maso ace akopeka ndi lamya yopinda, pakuti anzace adzamtama. Koma akakhala wanzeru adzayamba wadzifunsa mafunso anai.

Funso loyamba ndi la mtengo. Fold7 inayamba kugulitsidwa pa madola 1,999 ku America. Lamya wamba ya Itel, yotha kutumiza ndarama ndi mau a WhatsApp, ipezeka pa mtengo wosafika madola 100. Ndarama zotsalazo ndizo za sukulu ya ana, za feteleza wa amai kumudzi, ndi za malata a nyumba.

Funso laciwiri ndi la batire. Mu 2019 madzi anacepa m'dziwe la Kariba, ndipo m'Zimbabwe magetsi ankazima kufikira maora 18 pa tsiku. Cirala ca mu 2024 cinabweretsanso mabvuto otere m'Zambia ndi m'Zimbabwe. Galasi lalikuru lidya moto wambiri, pamene thupi lopyapyala lisowa malo a batire lalikuru. Batire la Fold7 ndi la 4,400 mAh, koma lamya zambiri zochipa ziri ndi la 5,000 mAh. Lamya yakufa madzulo siithandiza mwana akadwala usiku.

Funso lacitatu ndi la pfumbi, limene pa mgodi silisowa. Kamcenga kakalowa m'mahinjesi, kakanda galasi kuyambira m'kati. Mu 2021 Samsung inatha kuchinga madzi pa Fold3, koma pfumbi ai. Mu 2025 Google inaturutsa Pixel 10 Pro Fold ya cizindikiro ca IP68, kutanthauza kuti iletsa pfumbi ndi madzi omwe. Wogula awerenge manambala awiriwo: yoyamba inena za pfumbi, yaciwiri za madzi, pakakhala X pa malo oyamba, za pfumbi palibe lonjezo.

Funso lacinai ndi ili: ikasweka, adzaikonza ndani? Galasi la lamya wamba mmisiri wa pamsika alisintha tsiku lomwelo. La m'kati mwa lamya yopinda lifuna madola mazana angapo, kupambana mtengo wa lamya wamba yatsopano, ndiponso lifuna zipangizo zimene mmisiri wa pamsika sakhala nazo. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kampani imene inamvetsa mafunso otere ndi Transsion ya ku Shenzhen, mwini wa Tecno, Itel ndi Infinix. Inadza ndi lamya zochipa, za batire lokhalitsa, zolowa makadi awiri, ndi kamera yojambula bwino khungu lakuda. Motero inafika pogulitsa pafupifupi theka la lamya zamakono za mu Africa. Mu 2023 nayonso inaturutsa yopinda, Tecno Phantom V Fold, pa mtengo wa pafupifupi madola 1,100.

Phunziro limeneli si lacilendo. Mu 1949 kunafika wailesi ya Saucepan Special, yopangidwa ndi Ever Ready, ya mtengo wa £5. Thupi lace linali ngati sefuliya, ndipo ziboo zace zinachingidwa ndi sefa kuti tizirombo tisalowe. Inafalikira m'midzi ndi m'makomboni cifukwa inapangidwa molingana ndi thumba ndi nyumba ya woigula.

Lamya yopinda iri ndi eni ace. Wamalonda wowerenga maakaunti, kapena kalaliki wolemba ali paulendo, apindula ndi galasi lalikuru, ndipo mpikisano ukapitirira mitengo ingatsike. Koma mnyamata uja asanaturutse ndarama, afunse ngati sitoloyo ipereka kalata ya citsimikizo, ndi ya miyezi ingati, ndi kumene lamya ikonzedwa. Akapanda kuyankhidwa bwino, agule lamya yolimba imene idzagwira moto kufikira m'mawa, ndipo zotsalazo atumize kwao.