Makadi Akale a Tsiku Lakubadwa

Alipo anthu ena amene akaweruka ku nchito amakonda kusonkhanitsa makadi a pa positi, amene anthu akale anali kutumizirana pa tsiku lakubadwa. Wina angafunse kuti, kodi kapepala kakale kali ndi phindu lanji?

Makadi otere anacuruka kwambiri ku Ulaya ndi ku America kuyambira 1900 kufikira 1914. Ambiri anali kusindikizidwa ku Germany, kumene amisiri anali kudinda utoto uli wonse ndi mwala wacewace. Anali kujambulapo maluwa, mbalame ndi ana, ndipo zithunzi zina zinali zotumphuka, zomveka pokhudza ndi cala. Ku England kadi inali kuyenda ndi sitampa ya theka la kobiri, cotero ngakhale wanchito wosauka anakhoza kukumbukira mbale wace wakutali.

Koma wosonkhanitsa wanzeru amayamba wayang'ana kuseli. Kale kuseliko kunali kwa keyala yokha. M'caka ca 1902 positi ya ku England inalola kulemba mzere pakati, keyala mbali yina, mau mbali yinzace. Ku America analola zimenezi mu 1907. Mzerewo pamodzi ndi cidindo ca positi ndizo zimaulula msinkhu wa kadi. Cifukwa cace kumatula sitampa ndiko kuononga mboni.

Nkhondo ya 1914 inadula malonda a ku Germany, ndipo mu 1918 mtengo wa sitampa ku England unakwera kufika kobiri lathunthu. Mwambowo unayamba kuzilala. Pambuyo pace, pa 29 December 1940, mabomba anatentha nyumba ya Raphael Tuck & Sons ku London, osindikiza makadi omveka, ndipo zithunzi zao zoyambirira zinapsa. Tsono makadi ao ambiri amene aoneka lero ndi amene anapulumuka m'mabokosi a anthu wamba, amene anakana kutaya dzanja la amai ao kapena la bwenzi.

Kadi yotere siimatidwa ndi ulimbo ai. Isungidwe pouma, kutali ndi dzuwa ndi ciswe.

Munthu wa pa mgodi amene alandira kalata yocokera kumudzi aganizire zimenezi asanaikolezere moto. Lero ndi pepala cabe, koma wolembayo akadzapita, mdzukulu adzaifuna. Paja mau a akulu akoma akagonera.