Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Thanzi la M'maganizo, Heavy Industrial Area, Lusaka



Pobwera ndinadzera mu Lumumba Road kusanache bwino. Ndinakuonani inu antchito mukuyenda wapansi kuchokera ku Kanyama, ku George ndi ku Matero, ena mutaima kale pageti kudikira ganyu. Mukalowa, kampani imakupatsani chipewa cholimba, magambuti ndi magolovesi. Koma lendi, ngongole ya kaloba ndi fizi ya mwana mumalowa nazo m'mutu mpaka pa makina, ndipo palibe amene amafunsa.

Mwatopa, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa tonse. Mu 2024 kolera inatumiza abale athu kukagonekedwa ku Heroes Stadium. Chaka chomwecho madzi anachepa ku Kariba, magetsi nkumazima pafupifupi tsiku lonse, ntchito nkumaima. Munthu akamagona osapeza tulo, akamapsa mtima ndi mwana wongopempha madzi, nsima ikamamukanika, musathamangire kunena kuti amulodza kapena ndi waulesi. Maganizo amuchulukira, ndipo zimenezi zimachizika.

Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki ndi kumvetsera. Anthu ambiri anapepukidwa mumtima chifukwa chongomvedwa. Benchi tili nayo pano, pomwe mumadyera nthawi ya 13 koloko. Mnzanu akayankha kuti "tili chabe", mufunseninso kachiwiri, kenaka mukhale chete, alankhule. Zimene wakuuzani zisafike ku basi. Abambo anzanga, izi ndikunena makamaka kwa ife, amene tinaleredwa kuti mwamuna salira. Taika anzathu m'manda chifukwa cha mawu amenewo.

Mukaweruka, gonani mokwanira, foni ikhale patali. Ndalama ya pamwezi muikambirane ndi akunyumba isanathe, ndipo kusonkherana ndalama mu chilimba kumaposa kaloba. Boma linaletsa mowa wa tujilijili mu 2012, koma kachasu ndi kubetcha zidakalipo. Zimakuiwalitsani usiku umodzi, m'mawa ngongole yakula.

Kwa inu mabwana, pempho langa ndi ili: malipiro abwere pa tsiku lake, ndipo wantchito adziwe shifiti yake nthawi ikadalipo. Munthu wosagona mukamuika pa makina odula zitsulo, tidzamva za ngozi.

Lamulo la Mental Health Act la 2019 limateteza ulemu wa wodwala maganizo. Chipatala cha odwala maganizo cha Chainama si malo ochititsa manyazi, ndipo simuyenera kuyambira komweko. Pitani ku chipatala cha Kanyama, Matero kapena Chawama, muuze namwino mmene mukumvera. Nambala ya 933 ya Lifeline ndi yaulere. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, chonde uzani munthu lero lomwe, musanatuluke pageti ili.