Malire a Pamalo Oponyera Voti



Lero tikambirane za malire amene lamulo limaika kuzungulira malo oponyera voti. Pamene dziko lathu linkakonzekera chisankho cha pa 17 May 1994, lamulo la zisankho la 1993 linaletsa kukopa anthu kapena kuonetsa zizindikiro za chipani mkati mwa malo oponyera voti ndiponso pa mtunda wa mamita 100 kuzungulira malowo. Mamita 100 ndi pafupifupi kutalika kwa bwalo la mpira. Kampeni nayonso imatha kutatsala maola 48 kuti kuvota kuyambe.

Tanthauzo lake nlotani? Mukafika pa sukulu pamene mukukavotera, pasapezeke munthu woimba nyimbo za chipani, wogawa mapepala, kapena wokunong'onezani pa mzere kuti chongani apa. Nsalu ndi malaya a chipani chanu muzisiye kunyumba tsiku limenelo.

Wina afunsa: kodi sikutiphwanyira ufulu wolankhula kumeneku? Funso lomweli linafika ku khoti lalikulu la ku America m'chaka cha 1992, pa mlandu wa Burson ndi Freeman. Dera la Tennessee linaletsa kukopa anthu pa mtunda wa mafiti 100 kuchokera pa khomo la malo ovotera, ndipo khotilo linagamula kuti lamulolo nloyenera, chifukwa limateteza ovota ku ziopsezo ndi chinyengo.

Taganizirani za agogo amene afika pa mzere ndipo apeza anyamata khumi ovala makaka a chipani chimodzi ataima pa khomo. Ngakhale anyamatawo asalankhule kanthu, agogowo achita mantha. Mwina abwerera kunyumba osavota, mwinanso achonga pamene mtima wao sukufuna. Taganiziraninso za waganyu amene bwana wake waima pafupi kumuyang'anitsitsa. Malirewa anaikidwa kuti anthu otere ayende mtunda womalizawo ali okha ndi maganizo ao.

Lamuloli silikondera. Limamanga chipani cholamula ndi zipani zotsutsa chimodzimodzi, mfumu ndi munthu wamba yemwe.

Mukaona wina akuphwanya lamuloli, musakangane naye ndipo musamugwire. Kauzeni mkulu woyang'anira malowo. Mukatha kuvota, bwererani kunyumba mwamtendere kuti anzanu nawonso avote momasuka.