Penshoni ya ku India: zikavuta alire ndani?

Ndikudziwa ena mukuti za penshoni n'za agogo. Dikirani kaye, mumve zomwe zikuchitika ku India.

Dzikoli lili ndi boma lalikulu ku New Delhi, komanso maboma a zigawo monga Rajasthan ndi Punjab, omwe amalemba okha aphunzitsi, anamwino ndi apolisi. Kale, wogwira ntchito m'boma akapuma ankalandira theka la malipiro ake omaliza mwezi ndi mwezi mpaka kumwalira. Pa penshoniyo sankasonkhapo kanthu. Zonse zinkachokera ku misonkho.

Kuyambira pa 1 Januwale 2004, boma lalikulu linasintha zinthu kwa olembedwa kumene, ndipo zigawo zambiri zinatsatira. Pa ndondomeko yatsopanoyi, ya National Pension System, wantchito amadulidwa 10 peresenti, boma n'kuwonjezerapo gawo lake. Ndalamazo amagulira masheya ndi kukongoza maboma ndi makampani kuti zibereke. Zikabereka bwino, mwayi wako. Zikapanda kutero, palibe anakulonjeza kuti udzalandira zingati.

Apa m'pamene pagona mkangano. Antchito akuti: tatumikira zaka makumi atatu, ndiye ukalamba wathu udalire msika? M'chaka cha 2022, Rajasthan inalengeza kuti ikubwerera ku ndondomeko yakale. Chhattisgarh, Jharkhand, Punjab ndi Himachal Pradesh nazo zinalengeza zomwezo. Koma banki yaikulu ya dzikolo, Reserve Bank of India, inachenjeza kuti katunduyo adzalemera m'tsogolo. Boma la lero limapepukidwa chifukwa lasiya kusonkha mwezi ndi mwezi, koma ngongoleyo ikudikira amene adzakhome misonkho zaka zikubwerazo. Walira mvula walira matope.

Mu 2024 boma lalikulu linabweretsa njira yapakati, ya Unified Pension Scheme. Wantchito amasonkhabe 10 peresenti, koma akakwanitsa zaka 25 amatsimikiziridwa theka la malipiro a m'chaka chake chomaliza.

Ndiye mbali yabwino ndi iti? Ine ndikuona kuti funso ndi limodzi: ndalama zikaperewera, alire ndani? Pa njira yakale amalira wokhoma misonkho. Pa njira ya 2004 amalira wopuma pa ntchito. Ndipo ife achinyamata tili konsekonse, chifukwa misonkho ya mawa tidzakhoma ndife, kukalamba tidzakalambanso ndife.

Kuno kwathu, lamulo la penshoni la 2011 linati bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo chomwe udzalandire chimadalira zomwe zasonkhedwa. Choncho tsiku lomwe mudzasaine kalata ya ntchito, musadzangoyang'ana malipiro. Mudzafunse kuti penshoni yanu ikusungidwa kuti, ndipo mudzionetsetsa kuti abwana akutumizadi ndalamazo. Kufunsa si mwano.

Amene ali ndi mafunso, tiyeni tikambirane.