Nkhumba, Chimbudzi ndi Matenda a Khunyu

Amayi, m'sewero lija munamva mayi wina akulira chifukwa mwana wake wayamba kugwa khunyu. Apongozi ake ankati mwanayo walodzedwa. Koma kumbukirani kuti pakhomo paja panalibe chimbudzi, ndipo nkhumba zinkangoyendayenda. Tiyeni tione m'mene zinthu ziwirizi zimabweretsera matenda.

Pali mtundu wina wa njoka za m'mimba umene umadzera mu nkhumba. Munthu amene ali ndi njoka imeneyi akadzithandiza kutchire, manyi ake amakhala ndi mazira ambirimbiri osaoneka ndi maso. Nkhumba ikadya manyiwo, mazira aja amaswa ndi kulowa m'mnofu mwake. Pakapita miyezi 2 kapena 3, nyama yake imakhala ndi timatuza toyera tonga njere za mpunga. Nkhumbayo siioneka yodwala ayi, koma nthawi zina timatuzato timaoneka kunsi kwa lilime lake.

Mukadya nyama yotere isanapse bwino, njoka imakula m'matumbo mwanu. Imatha kutalika mamita 2 kapena kuposa, ndipo nanunso mumayamba kutulutsa mazira.

Choopsa kwambiri ndi ichi: munthu akameza mazira aja kudzera m'manja osasamba, madzi oipa kapena ndiwo zamasamba zosatsuka, timatuza tija timamera m'thupi mwake, ngakhale mu ubongo. Apa m'pamene amayamba kumva mutu kwambiri kapena kugwa khunyu. Choncho mwana angathe kudwala ngakhale sanalaweko nyama ya nkhumba. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'madera amene njokazi zili zofala, pafupifupi anthu 30 mwa 100 alionse odwala khunyu amadwala chifukwa cha zimenezi.

Nanga inu mungachite chiyani?

Aliyense pakhomo agwiritse ntchito chimbudzi. Manyi a mwana wakhanda nawonso muziwataya m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba.

Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, ndiponso musanayambe kuphika.

Nkhumba zizikhala m'khola. Funsani alangizi a ziweto za mankhwala a njoka oyenera kuzipatsa.

Musagule nyama ya timatuza ngakhale itatsika mtengo. Dulani nyama nthuli zing'onozing'ono ndi kuiphika mpaka ipse m'kati momwe. Yootcha m'mbali mwa msewu kawirikawiri imapsa kunja kokha.

Mukaona tizidutswa toyera tophwatalala m'manyi a mwana kapena anu, bwerani kuchipatala. Mankhwala ake alipo.

Si khunyu lonse limene limachokera ku njoka, koma khunyu la mtundu uliwonse lifunika kuchipatala. Silipatsirana pokhudza wodwala, ndipo mankhwala amathandiza ambiri kusiya kugwa. Mwana akagwa, mugonekeni chammbali kutali ndi moto, ndipo musamuike kanthu m'kamwa. Akatsitsimuka, bwerani naye.

Mukafika kunyumba lero, kakambiraneni ndi bambo a ana za khola ndi chimbudzi.