MKAIKA NDI BOMA LATHU LA KATETE

Mau olankhulidwa kwa alendo pa mwambo wa Kulamba

Yooo Gawa! Mwini dziko Kalonga Gawa Undi, mafumu athu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, akulu-akulu a Boma, amai ndi abambo, tipempha kuti mutibwereke makutu anu kwa kanthawi.

Mlendo wofika pano pa Mkaika nthawi ya dzinja apeza mudzi wa phee: nkhokwe, makola a ng'ombe ndi anthu ali kalikiliki m'minda. Angadabwe kuti mafumu a maiko atatu amadzagwadiranji pa malo otere. Yankho lake liri m'mbiri yathu.

Makolo athu a Maravi anali ndi likulu lao ku Mankhamba, kufupi ndi nyanja ya Malawi. Kumeneko Undi, wa pfuko la Phiri, ananyamuka nalowera kumadzulo pamodzi ndi Nyangu, mai wobala mafumu. Anamanga likulu lake ku Mano, dera limene lero liri m'cigawo ca Tete ku Mozambique, ndipo ali komweko anagawira mafumu ake malo kufikira kuno. Ndico cifukwa cake timuchula kuti Gawa.

Masautso anabwera motsatizana. Mu 1835 Angoni anaoloka Zambezi, ndipo pambuyo pake nkhondo zao zinabalalitsa midzi yambiri ya Acewa. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi analemba malire osafunsa mfumu iriyonse, kotero kuti Undi anatsala tsidya lija pamene ana ake ambiri anali tsidya lino. Mu 1934 atsamunda analetsa Kulamba. M'zaka zomwezo za m'ma 1930 Undi anacoka ku Mano nadzakhala kuno ku Katete. Mwambo unagona zaka 50 mpaka mu 1984, pamene Kalonga Gawa Undi X, Chivunga, anaudzutsa pano pa Mkaika. Iwo anatisiya mu 2004, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Tsopano tinene za malo. Boma la Katete liri m'Cigawo ca Kum'mawa, pa mseu waukulu wa Great East Road, pafupifupi makilomita 500 kucokera ku Lusaka ndi 90 kucokera ku Chipata. Pa Katete pomwepa papatuka mseu wopita ku cipata ca Chanida, wolowera ku Tete, kwao kwa makolo. Mapiri a Mphangwe ndiwo cizindikiro cathu. Wobwerera kwao akangowaona adziwa kuti wafika. Cipatala ca St Francis, cimene cinayamba mu 1948, cimalandira odwala ocokera kutali. Mu 2012 mbali ina ya boma lino inapatulidwa pokhazikitsa boma la Sinda, koma ubale wathu sunapatulidwe. Mvula imatigwera kuyambira November kufikira March kapena April, ndipo timalima cimanga, nshawa, thonje, mpendadzuwa ndi soya.

Pali nkhani imodzi imene itisowetsa tulo. Ife amene tsitsi layera tinaona mapiri awa ali bii ndi mitengo, ndipo m'madambo munali madzi mpaka mwezi wa October. Lero nkhwangwa ya makala yalowa ponseponse, mitsinje iuma msanga, ndipo ena ayamba kugulitsa minda ya pfuko mwakabisira. Gawa anagawa dziko kuti tilimepo ndi kusiyira adzukulu. Mwana amene amalume ake agulitsa munda adzalima kuti, nanga adzaikidwa kuti?

Cotero tipempha nyakwawa zathu kuti ziteteze nkhalango za kumanda ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ndiponso kuti nkhani ya munda isathe popanda mbumba kukhalapo. Inu anyamata ndi atsikana, khalani pansi ndi agogo anu akali moyo, muwafunse maina a mapiri, mitsinje ndi midzi yakale, muwalembe m'buku. Akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma.

Alendo athu, muyende bwino pobwerera, ndipo caka camawa mudzabwere ndi ana anu adzaone okha kwao.

Yooo Gawa!