Tsamba Lophunzirira Likhale ndi Nkhope Imodzi

Nkhani ya lero ikukhudza ophunzira amene mphunzitsi wao ali kutali. Maphunziro otere si achilendo m'Malaŵi muno. Sukulu ya Malawi Correspondence College, imene idatsegulidwa mu 1965, inkatumiza maphunziro pa positi. Masiku ano ena amaŵalandira pa intaneti, m'lamya za m'manja.

Akuluakulu adati chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adadzetsa madzi osefukira, ndipo sukulu zambiri za ku Chikwawa ndi ku Nsanje zidasanduka misasa ya anthu othaŵa madzi. Pa nyengo zotere, wophunzira amene wapeza lamya amatsala yekha ndi tsamba, popanda womufunsa.

Apa mpamene maonekedwe a tsamba amasanduka nkhani yaikulu. Ngati mutu wa phunziro walembedwa ndi malemba akuluakulu pa tsamba loyamba, ukhale wotero pa masamba onse. Ngati batani lopitira patsogolo lili kudzanja lamanja, lisasamukire kumanzere maŵa. Mtundu wosonyeza yankho lolakwa usagwiritsidwenso ntchito pokongoletsa. Wopalasa bwato pa Shire amadziŵa dooko poona mtengo umene uli pamenepo. Mtengowo utamasuntha usiku uliwonse, anthu sangaoloke.

Ku Chigwa cha Shire zimenezi n'zofunika koposa. Ana ambiri kumeneko amalankhula Chisena kunyumba, koma maphunziro amadza m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi. Liwu likaŵavuta, chizindikiro chozoloŵereka chimaŵatsogolera. Ndiponso lamya kaŵirikaŵiri imakhala yobwereka, ndipo mayunitsi amagulidwa ndi ndalama zimene zikadagula ufa. Mphindi yotayika pofunafuna batani ndi ndalama yotayika, ndipo wosokera kaŵiri katatu amagwa ulesi n'kuleka.

Mankhwala ake alipo kale. Kuyambira mu 1996 okonza masamba ali ndi njira yotchedwa CSS. Malamulo a kukula kwa malemba, mitundu ndi malo a mabatani amalembedwa pamalo amodzi, ndipo masamba onse amatsata malamulowo. Akakonza pamenepo, ndiye kuti akonza ponseponse.

Choncho aphunzitsi olemba maphunziro ndi amisiri a kompyuta ayenera kuyamba apangana za maonekedwe asadalembe phunziro loyamba. Akatero aliyese pa lamya yaing'ono, m'manja mwa mwana wa ku Bangula kapena ku Ngabu. Akafika ku mafunso popanda womulozera, tsambalo lakhoza mayeso.